Mpweya wa Zeinabu

"Sapita. Ndanena kuti sapita, ndipo sindibwerezanso."

"Tsitsani mawu, Abiti Hussain, makomawa ndi opyapyala," anatero amuna ake, Che Fadili, maso ali kukhomo.

"Amve! Akamva abwera kudzamupumira mwanayu?"

Zubeda, amene msika wonse wa Ndirande unkamutchula Abiti Hussain wa tomato, anali atagwada pamphasa. Patsogolo pake panakhala mwana wawo mmodzi yekhayo, Zeinabu, wa zaka zisanu ndi zinayi, atafunda bulangete mpaka m'khosi. Nthawi iliyonse akatulutsa mpweya, m'chifuwa mwake munkalira kamluzu kakang'ono. Che Fadili anali ataimirira ndi kalata ya kusukulu m'manja, yachiwiri sabata imeneyo.

"Ndikuwerengereninso? Ana onse osankhidwa azifika kubwalo la mpira tsiku lililonse kukonzekera zionetsero za chikondwerero cha ufulu. Kholo lokaniza mwana, dzina lake lipita kwa akuluakulu a chipani. Dzina lake, Abiti Hussain. Dzina la ndani? Langa."

"Bweretsani kapaipi apo pamsomali."

Kapaipiko kanali ka pulasitiki, kotalika ngati chitsononkho, kali ndi manambala m'mbali ndi kamuvi kotsetsereka. Dokotala wina wachilendo ndi amene anawapatsa mwezi wa Malichi, Zeinabu atagonekedwa kuchipatala ndi mphumu. Mwana ankauzira mwamphamvu, kamuvi n'kuyenda, ndipo pamene kaima ndi pomwe pankaonetsa mpweya umene mapapo ake akutha kukankha. Manambala Zubeda sankawadziwa, sukulu anailekezera sitandade wani. Ndiye namwino anangotenga kyutekisi wofiira wopaka m'zikhadabo n'kujambula mzere pa kapaipipo. Kamuvi kakadutsa mzerewo, mwana amwe mapiritsi akhale kunyumba. Kakapanda kufika, thamangani naye.

"Uzira, mama."

Zeinabu anakoka mpweya mpaka mapewa anakwera, nauzira. Kamuvi kanayenda, kenaka kanaima pamwamba pang'ono pa mzere.

"Mwaona? Sabata yatha kamafika uku. Masiku anayi a fumbi lakubwaloko, kabwerera mpaka apa."

"Koma kadutsa mzere."

"Kadutsa ndi chikhadabo."

Che Fadili ananjuta pafupi ndi mwanayo, namugwira patsaya. "Mama, uli bwanji lero?"

"Ndili bwino, ababa."

"Mwamva nokha."

"Ndamva moni," anatero Zubeda. "Tinamuphunzitsa tokha, inu ndi ine, ndi ashehe kumadrasa. Wamkulu akakufunsa, gwada, yankha kuti uli bwino. Tsiku lija tinamunyamula milomo itada, adokotala atamufunsa anayankha chiyani? Si zomwezi? Mwanayu adzafa akunena kuti ali bwino."

"Musatchule imfa m'mawa muno."

"Inu musamutumize kokaitola."

Che Fadili anapinda kalata ija kanayi, naika m'thumba la malaya. Anayankhula motsitsa kwambiri. "Che Abdula okhoma zidebe aja mukuwakumbuka? Anangoti mwana wawo sapita kokaimba, basi. Anawatenga, mwezi wachisanu ndi chitatu uno. Mkazi wawo sakudziwa ngakhale kokapereka chakudya. Ine ndine telala wa pakhonde, Abiti Hussain. Akabwera kudzanditenga palibe amene adzatsokomole."

Zubeda anapukuta kukamwa kwa kapaipi ndi chitenje chake, nakamanga pansonga.

Tsiku lomwelo anasiyira mnzake benchi la tomato n'kukwera chitunda kupita kusukulu. Ahedi, a Gondwe, anali munthu wa kumpoto, woonda, wa jekete loperepeseka m'zigongono. Anamulandira ataimirira, natambasula patebulo pepala lalikulu lodzaza timadontho.

"Mayi, za mwana wanu ndazimva. Koma taonani apa. Dontho lililonse ndi mwana. Akatukula nsalu zawo pamodzi, anthu okhala pamwamba m'bwalo lalikulu adzawerenga mawu akuti UFULU. Zeinabu ndi uyu, pansonga penipeni pa chilembo chachiwiri. Akachoka pakhala dzenje, ndipo dzenjelo aliona aliyense."

"Ikanipo wina."

"Mayina anapita kale kwa a tcheyamani a chipani. Ndikafufuta limodzi andifunsa chifukwa."

"Chifukwa chake ndi ichi." Zubeda anamasula kapaipi, nakaika pamwamba pa timadontho tija.

A Gondwe sanakagwire. Anatuma kuti akaitane Zeinabu m'kalasi. Mwanayo anafika n'kugwada pakhomo, manja pamaondo.

"Zeinabu, uli bwanji?"

"Ndili bwino, aphunzitsi, kaya inu?"

"Nanunso, bambo ophunzira?" Zubeda anawomba m'manja kamodzi. "Ine ndimagulitsa tomato. Aliyense wofika pabenchi langa amati ali bwino, wina akugula tomato wa pamaliro a mwana wake. Moni mukuutenga ngati sikelo?"

Ahedi anauza mwana kuti abwerere m'kalasi, natseka chitseko.

"Mayi, ine kwathu n'kutali. Ndili ndi ana asanu m'nyumba ya sukulu. Ndibweretsereni kalata ya dokotala, yodinda, ndikhale ndi chogwira m'manja. Popanda imeneyo sindingathe."

M'mawa mwake Zubeda anaima pamzere wa kuchipatala kuyambira dzuwa likutuluka mpaka linafika pamutu. Dokotala wachilendo uja anali atabwerera kwawo. Anapeza wina wachinyamata, amene anamvetsera chifuwa cha Zeinabu, napukusa mutu, nalemba mapiritsi ena. Zubeda atatchula za kalata, mnyamatayo anavundikira cholembera.

"Kalata yoti mwana asapite ku chikondwerero cha dziko? Dzina langa lili pansi?"

"Lembani kuti ndi mphumu yakana."

"Mphumu ilibe chidindo, mayi. Wotsatira!"

Atatuluka, namwino uja wa kyutekisi, a Sisitala Dorcas, anamutsatira mpaka pakhonde, akuchita ngati akukonza bulangete la mwana.

"Kalata simuipeza, musataye nthawi," ananong'ona. "Muzimuyeza m'mawa ndi madzulo. Ndipo mumvetse ichi. Kamluzuka kamaopsa, koma ndi mpweya umene ukudutsa. Tsiku limene mudzaone mwana akubanika koma mluzu osamveka, musadzati wachira. Pamenepo njira yatsekeka."

Zubeda anamva, nasunga. Koma amuna ake sanawauze. Masiku amenewo m'nyumba mwawo ankangoyankhulana za madzi osamba ndi mchere basi.

Anamusunga mwana m'nyumba masiku anayi, ndipo kamuvi kanayamba kukwera. Kenaka chiperoni chinatsika m'phiri la Ndirande, nkhungu ndi mawawa, malata kudontha m'kati ngati akutuluka thukuta. Kamuvi kanabwereranso. Chiperoni chitapita chinasiya mphepo youma yoluma m'mphuno.

Lachisanu Che Fadili anabwera dzuwa lisanalowe, chinthu chimene sankachita. Anakhala pampando osavula chipewa.

"Abwera anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira. Mmodzi anakhala pa makina anga, akupalasa chopondera ngati choseweretsa, mpaka singano inathyoka. Afunsa khadi la chipani, ndawaonetsa. Akuti khadi lili bwino, koma mwana ali kuti? Lolemba m'mawa a tcheyamani eni ake akubwera kudzawerenga ana."

"Awerenge."

"Ndi zokhazo mungayankhe?"

"Mukufuna ndiyankhe chiyani? Kuti atenge mwana, inu musunge makina?"

Che Fadili ananyamuka kupita kumzikiti.

Lamulungu madzulo kamuvi kanaima pamzere penipeni. Zubeda anamuuziritsa katatu, ndipo katatu konse kanaima pomwepo. Sanadziwe chochita, chifukwa namwino sananene za kamuvi koima pamzere. Lolemba linali tsiku la lole ya tomato yochokera ku Ntcheu, ndipo wochedwa amapeza wophwanyika yekhayekha. Ananyamuka m'bandakucha ndi dengu pamutu.

"Ndikabwera ndimuyezenso," anatero ali pakhomo. "Asatuluke."

Anabwerera cha m'ma teni koloko. Pamphasa panalibe munthu. Bulangete linali lopindidwa bwino, kapaipi kali pamsomali. Anakatsomphola, natuluka dengu lili pamutu, osatseka n'chitseko chomwe.

Che Fadili anali pa makina awo pakhonde la sitolo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mwana ali kuti?"

"Ndamuperekeza ndekha. Musakalipe, tamverani kaye. Wadzuka bwino lero, wallahi. Ndinaika khutu pamsana pake, zii, kamluzu kaja kulibiretu. Ndinamufunsa, anati..."

"Anauzira?"

"Ndinaona kuti palibe chifukwa. Chifuwa chinali chete."

"Amayenda bwanji panjira?"

Che Fadili anasiya kupalasa. "Pang'onopang'ono. Tinaima kawiri. Ndinkati n'kuzizira."

Dengu linagwa, tomato n'kumwazikira m'ngalande. "Bambo inu, mukakhala chete m'chifuwamo ndiye kuti mpweya sukudutsa! Anamwino anandiuza!"

"Anakuuzani inu. Ine munandiuza?"

Onse awiri anali akuthamanga kale, kudutsa pakati pa ogulitsa makala, kutsetsereka kulowera kubwalo.

Fumbi analiona asanaone ana. Mazana atatu kapena kuposa, atandanda m'mizere, aliyense ndi nsalu m'manja. Wezulo akalira ankaponda pansi onse pamodzi, fumbi lofiira n'kubuka, mphepo n'kuwabwezera kumaso. Pambali panali tebulo ndi mpando, ndipo pampandopo panakhala a tcheyamani, a Willard, munthu wonenepa wa chikhoti chachitali, ahedi ataima kumbuyo kwawo. Mnyamata wa malaya ofiira anapingasa ndodo patsogolo pa Zubeda. Iye anawerama n'kudutsa pansi pake.

Chilembo chachiwiri sankachidziwa, koma mwana wake anamudziwa. Ana onse anali chiimire, mmodzi yekha ndiye anali atawerama, manja atatsamira pamaondo, kukamwa kuli yasa. Pakhosi pake pankalowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya. Milomo inali ngati phulusa.

"Mama! Ndabwera, mama."

Wezulo anasiya kulira. A tcheyamani anali atanyamuka, akubwera pang'onopang'ono, anyamata awiri m'mbali mwawo.

"Mayi, mukudziwa chimene mukusokoneza?"

"Mwana wanga sakupuma."

"Nthawi yonseyi waima bwinobwino." Anawerama pang'ono. "Iwe mwana, uli bwanji?"

Zeinabu anayesa kugwada. "Ndi... li..." Mawu otsalawo sanatuluke.

Zubeda anamuika kapaipi pakamwa. Mwanayo anauzira ndi mphamvu zake zonse. Kamuvi kanangonjenjemera pamalo pake.

"Mzere ndi uwu, bwana. Kamuvi ndi aka, pansi apa. Ine sindidziwa kuwerenga, koma ichi ndikuwerenga, nanunso mukuwerenga."

"Akachoka mmodzi lero, mawa achoka makumi awiri, aliyense ndi kapaipi kake. Palibe akuchoka pamzere."

Che Fadili anangogwada, nabereka mwanayo kumsana, naimirira. Anyamata awiri aja anaima patsogolo pawo.

Zubeda anaganiza msanga. Kulira sikukanathandiza, kutukwana kukanawatengera onse awiri kumene kunapita Che Abdula. Anachita chokhacho chimene ankachidziwa bwino. Anamanga chitenje, natsitsa mawu ngati mmene ankachitira ndi eni lole.

"Bwana, tiyeni timvane. Inu chimene mukufuna kwenikweni n'chiyani, Zeinabu, kapena dzenje litsekedwe?"

Zubeda anapitiriza pomwepo.

"Akafera pano dzenje likhalapobe. Ndiponso mukhala ndi maliro pabwalo panu sabata ya chikondwerero, ana onsewa akuonerera, ndipo aliyense akafotokoza kwawo. Akuluakulu anu akadzafunsa kuti pampando panali ndani, sadzatchula ine." Anatola nsalu ya mwanayo pansi, naikutumula. "Ndiimapo ine. Ndine wamfupi. Okhala pamwambawo adzaona nsalu, sadzaona nkhope."

Mmodzi wa anyamata aja anaseka. A tcheyamani sanaseke. Anayang'ana mwana amene mutu wake unali utagwera paphewa la bambo ake, nayang'ananso mizere ya ana, onse maso ali pa iwo.

"Atsikana ena a sitandade eyiti ndi aatali kuposa mayiwa, bwana," anatero a Gondwe kumbuyo. "Dzina likhala lomwelo. Chiwerengero chikhala chomwecho."

"Tsiku lililonse, mpaka tsikulo," anatero a tcheyamani.

"Tsiku lililonse."

"Mu yunifolomu."

"Amuna anga ndi telala."

"Mukadzalakwitsa ngakhale kamodzi pamaso pa alendo..."

"Asunthe kaye anyamata anuwa, zolakwitsa tikambirana."

A tcheyamani anatukula chala. Anyamata anapatuka. Che Fadili anathamanga kulowera kumsewu, mwana akugwedezeka kumsana, nkhwaira imodzi n'kutsalira m'fumbi. Zubeda anawaona akuimitsa lole ya mchenga ndi dzanja limodzi. Yoyamba inadutsa. Yachiwiri inaima. Kenaka wezulo analira.

Anaima pamenepo maola awiri. Ana akatembenukira uku, iye ankatembenukira uko. Akatukula nsalu, iye ankachedwa. Timatsikana ta pafupi tinkaseka titabisa kukamwa m'nsalu. Iye sankamva chilichonse. Maso ake anali kumsewu kumene lole inakhotera, milomo ikutchula dzina la Mulungu chamumtima, fumbi likulowa m'mano.

Atawamasula sanadikire n'kukwera basi komwe. Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka, napeza Che Fadili atakhala pansi pakhonde la wodi ya ana, phazi limodzi lopanda nkhwaira, lotuluka magazi kuchala, tepi idakali m'khosi.

"Ali moyo?"

"Amubaya jakisoni. Amuika mpweya. Anamwino akuti tikanachedwa pang'ono..."

"Musamalize."

Anakhala pansi pambali pawo. Che Fadili anati, "Ndikanamuuziritsa."

"Ndikanakuuzani za mluzu."

Anamwino anawalola kusuzumira pazenera basi. Zeinabu anali atamutsamiritsa pa mapilo, chophimba cha mpweya chili kumaso, nthiti zikukoka ngati wathamanga mtunda wautali. Tsiku lotsatira anali chimodzimodzi. Amake atamuitana anatsegula maso, nayesa kuyankhula, koma mawu ankatuluka limodzilimodzi, lililonse ndi mpweya wake. Zubeda anamuletsa, nathamangira kubwalo kuti asachedwe wezulo woyamba.

Lachinayi masana analowa m'wodimo akuchokera kubwalo, atavala diresi la yunifolomu limene Che Fadili anasoka, chitenje atakulunga pamwamba, nsidze zili zofiira ndi fumbi. Azimayi odikirira odwala anatembenuka kumuyang'ana. Iye anawayang'ananso mpaka anaweramitsa mitu.

Chophimba chija anali atachichotsa. Zeinabu anali atakhala tsonga, mbale ya phala pamiyendo. Ataona kolala ya yunifolomu m'khosi mwa amake anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Zubeda anamugwira pamsana mpaka chinadutsa.

"Seka. Ndirande yense akuseka, iwe utsalirenji? Aphunzitsi ako a wezulo aja akuti ndine mbuzi, ndimaononga chilembo chonse."

"N'chifukwa simuwerenga, amayi. Wezulo akalira koyamba mumaponda phazi lamanzere, akalira kachiwiri mumatembenukira kumene kuli phiri, ndiye mumawerenga mpaka folo musanatukule nsalu, osati kungotukula poti mnzanu watukula."

Zubeda anasiya kusisita. Anamuyang'ana mwanayo pakhosi, pamapewa, pakamwa. Zonsezo anazinena osaima pakati.

"Bwereza."

"Simunamve?"

"Ndamva. Bwereza basi."